Mnzanga wa Chiyani?

Ana anga, tayesani kutchula liwu loti mnzanga popanda mwini wake. Simungathe. Pali mnzanga, mnzako, mnzake, mnzathu, mnzanu ndi mnzawo, koma "mnza" woima payekha m'Chichewa mulibe. Nyumba mungaitchule osanena kuti ndi ya yani, mbuzi chimodzimodzi, ngakhale mbale kapena mlongo amene. Koma liwu ili limakana kutuluka m'kamwa lisanaloze munthu wachiwiri. Ndipo likaloza, limaloza uku ndi uku: tsiku limene unanena kuti "uyu ndi mnzanga," tsiku lomwelo iwenso unasanduka mnzake, ufune usafune. Ambiri a inu mumakumbukira mbali yoyambayo, yachiwiriyi n'kuiiwala.

Liwuli silikhala pa anthu okha. Nsapato ikasowa timafunsa kuti inzake ili kuti. Nsapato ziwirizo sizikondana ayi, zimangoyenda ulendo umodzi, ndipo imodzi ikatayika inzakeyo ntchito yatha. Tanthauzo loyamba la mnzanga ndi limenelo: awiri amene agawana kanthu kena. Chikondi chikhoza kukhalapo, chikhozanso kusakhalapo.

Tamverani m'mene timalankhulira tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi amati "aphunzitsi anzanga" kutanthauza onse ogwira choko, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ngakhale amene sanawaonepo nkhope. Wodwala m'chipatala amadandaula kuti "wodwala mnzangayu wabuula usiku wonse," dzina lake osalidziwa. Apolisi akagwira mbala imodzi amaifunsa komwe kuli anzake. Zowawa zenizeni zili m'mitala, m'mene mkazi wamkulu amatchula wamng'ono kuti "mkazi mnzanga" pamene mwina chaka chatha asakupatsana moni wa m'mawa. Kodi akunama? Ayi ndithu. Agawana mwamuna, ndiye ndi mnzake basi. Kwinaku mayi akapeza mwana wake akuseka wamisala pamsewu amamukalipira kuti, "Usamatero iwe, ndi munthu mnzako ameneyo." Apa liwu latambasuka mpaka kukwana aliyense wopuma mpweya. Limathanso kufupika mpaka kutsala munthu mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi. Pamene mumagwera inu achinyamata ndi pomwepa: mumatenga zinthu zoyenera mmodzi yekhayo, chinsinsi chanu, ndalama zanu, dzina lanu, thupi lanu, n'kupereka kwa munthu amene ali mnzanu chifukwa chongokwera minibasi imodzi m'mawa uliwonse.

Makolo athu ankamaliza mawu. Sankangoti "mnzanga" n'kulekeza pomwepo. Ankati mnzanga wa kubusa, mnzanga wa m'gowelo, mnzanga wa kudambwe, mnzanga wa kutsimba, mnzanga wa ku Joni, mnzanga wa kumowa. Womva ankadziwiratu kulemera kwa aliyense. Wa kumowa unkamuuza nthabwala ndi za mitengo ya fodya, osati pamene wakwirira ndalama. Wa kudambwe kapena wa kutsimba munavinidwira limodzi, munamva mwambo umodzi, ndipo munkasungirana ulemu mpaka imvi. Pamwamba pa onsewa pankakhala wa ponda apa m'pondepo, ndipo munthu wanzeru ankakhala naye mmodzi, akachuluka awiri. Ukamva munthu akuti ali ndi a ponda apa m'pondepo khumi, udziwe kuti alibe ndi mmodzi yemwe.

Kum'mwera, m'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, amayi ali ndi mwambo umene ine ndimaulemekeza kwambiri, wa chinjira. Akazi awiri osakhala pachibale amasankhana, n'kumaitanana kuti anjira. Sizichitika mobisa. Amuna awo amadziwa, ana amadziwa, mudzi umadziwa. Amapatsana mphatso, amayenderana pa matenda, pa chinkhoswe, pa chikuta ndi pa zovuta, ndipo wina ufa ukamuthera sachita manyazi kutumiza mwana ndi kalichero. Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale amene analemba za njala ya 1949 ku Blantyre, anaulembanso mwambowu poona m'mene unkachirikizira amayi pamene chibale chalephera. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti chinjira chili ndi dzina lakelake. Amayiwo anaona kuti "mnzanga" ndi liwu lotakata kwambiri, ndiye anapatula munthu mmodzi n'kumupatsa dzina loti aliyense akalimva adziwe kuti pali udindo. Inu muli ndi aise, amwene, mani, mfana wanga, asisi, bigi ndi ena ambiri. Ndi mawu okoma, ine sindidana nawo, amakometsa macheza pa chiwaya. Koma kondakitala amene akufuna kukudyera chenji amakuitananso kuti amwene.

Pali za ulemu zimene sindingazilumphe. Liwuli limatsika bwino, kukwera limavuta. Gogo akhoza kuuza mdzukulu kuti "bwera kuno mnzanga, tidye mbatata," ndipo mwanayo amasangalala chifukwa wakwezedwa. Koma mdzukulu sangaloze gogo n'kuuza alendo kuti "awa ndi anzanga." Mfumu ikhoza kunena kwa anthu ake kuti "anzanga, tiyeni tikonze mlatho," koma iwe sungalowe pabwalo n'kuti "mfumu mnzanga" pokhapokha nawenso uli ndi mudzi. Wamkulu akakutsitsira liwuli, landira, koma usalibweze. Ndaonapo anyamata ena kuntchito atasekedwa kawiri ndi bwana n'kuyamba kumugwira paphewa pagulu. Bwanayo sanena kanthu tsiku limenelo, koma amakumbukira.

M'banja liwuli limamveka mwina. Bambo wachikulire akamadziwitsa mkazi wake kwa alendo amati "mnzangayu," ndipo mayi wamasiye amati "mnzanga uja anatsogola." Sanena kuti wokondedwa, sanena za mtima. Mnzanga basi. Koma ukamva liwulo likuchokera m'kamwa mwa anthu amene analimira munda umodzi zaka makumi anayi, amene anaika ana m'manda n'kulera otsala, umadziwa kuti apa lafika pothera penipeni.

Palinso "anzathu," amene nthawi zina ndi njira yaulemu yokankhira munthu kutali. "Anzathu a ku Area 10," "anzathu a chipani chinacho," "anzathu ophunzira." Wonenayo akuti iwo ndi iwo, ife ndi ife. Ukamva akulu pamsonkhano akuti "anzathu ena pano," yang'ana pansi, pali amene akudzudzulidwa. Chosiyana ndi chimenechi chili ku mpira. Otsatira Bullets ndi otsatira Wanderers amaitanana kuti neba, amanyozana sabata yonse, pa Kamuzu Stadium amakhala mbali zosiyana, koma madzulo amakwera minibasi imodzi kubwerera ku Ndirande kapena ku Bangwe, ndipo wina mwana akamudwalira usiku amagogoda pa khomo la neba yemweyo. Mawu okoma akhoza kubisa mtunda, ndipo chipongwe chikhoza kubisa chibale.

Tsopano ndilankhule ndi inu atsikana, ndipo anyamata musatseke makutu. Kale bwenzi anali munthu wa pamtima, mwamuna kwa mwamuna mnzake, mkazi kwa mkazi mnzake. Lero mtsikana akati "ndili ndi bwenzi" pakhomo pamaphulika nkhondo, chifukwa chibwenzi chinalanda malo a ubwenzi. Poona kuti liwu loti bwenzi lagwidwa, ambiri anathawira kwa mnzanga. "Amayi, ndi mnzanga chabe." Chabwino, mwana wanga, koma maliza mawu: mnzako wa chiyani? Ngati ndi wa kusukulu, n'chifukwa chiyani mumakumana kumdima osati pa khonde? Ngati ndi bambo wa msinkhu wa atate ako, wokhala ndi galimoto ndi mkazi kunyumba, mwagawana chiyani iwe ndi iye? Simunabadwe chaka chimodzi, simugwira ntchito imodzi, simupemphera mpingo umodzi. Akakugulira bandulo lero, mawa foni, mkuja fizi, ameneyo akulemba ngongole m'buku lake, ndipo tsiku lotolera lidzafika. Munthu amene sungamutchule pamaso pa malume ako kapena azakhali ako, liwu loti mnzanga silikumuyenera.

Tifike pa ndalama, poti ndi pamene maubwenzi ambiri a masiku ano akufera. Kale tinkalima dima: lero tonse m'munda mwa uyu, mowa kapena thobwa lili pambali, mawa m'munda mwa uyo. Ngongole yake inali ya thukuta, ndipo aliyense ankaiona ndi maso. Wothawa ntchito m'munda mwa mnzake, tsiku lake likafika ankalima yekha. Lero m'malo mwa dima munalowa chipereganyu ndi banki mkhonde. Ndi zinthu zabwino zedi, zaphunzitsa ana ambiri ndi kufolera nyumba zambiri ndi malata. Koma taonani m'mene zimathera zikavuta. Wina amatenga ndalama za gulu, bizinesi yake ya kaunjika kapena ya tomato n'kugwa, Disembala n'kufika, nthawi yogawana. Amayi amene dzulo ankavala chitenje chimodzi pa ukwati lero akunyamula mipando, matiresi ndi mapoto a mnzawo, ana akuonerera. Gulu silinalakwe, ndalama ndi za anthu. Cholakwika chinachitika kumayambiriro, pamene ena anadziwa kuti munthuyu ali kale ndi ngongole m'magulu ena atatu koma anakhala chete poopa kumukhumudwitsa. Ankati ndi mnzathu. Akanakhala mnzawo weniweni akanamukaniza ngongoleyo tsiku loyamba.

Ukafuna kukongoza mnzako, kongoza ndalama zimene zikapanda kubwera sugona ndi njala. Zoposa pamenepo, lembani pa pepala, pakhale mboni, ndipo usachite nazo manyazi. Wokwiya ndi pepala anali ndi maganizo ena. Kumbukiranso kuti kwacha siima malo amodzi. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anakongoza mnzake ndalama ya matumba awiri a feteleza chaka chimenecho n'kubwezeredwa ndalama yomweyo patapita chaka sanathenso kugula matumba awiri. Wobwezayo amayenda monyadira kuti wabweza zonse, wokongozayo akulira chamumtima, ndipo ubwenzi umayamba kuwola popanda wonena kanthu. Ngati unakongola n'kuchedwa, onjezerapo kanthu mwa iwe wekha. Si katapila ameneyo, ndi umunthu.

Koma ndalama n'zochepa poyerekeza ndi dzina. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, ndiponso lamulo loti simu khadi iliyonse ilembetsedwe mu 2018, dzina la munthu linasanduka katundu wobwerekeka. "Aise, tandibwereke chiphaso chako ndilembetsere layini, changa ndinataya." Iwe n'kupereka. Layiniyo n'kuyamba kutumiza mauthenga aja mumawadziwa, oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena oti mwana wanu wavulala kusukulu. Anthu akaberedwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba n'kukadandaula, apolisi safufuza nkhope, amafufuza dzina lolembetsa. Amene akagone m'chitokosi ndiwe. Chimodzimodzi kusainira munthu ngongole ku banki, kumuimira pa belo, kapena kumunyamulira kachikwama kotseka pa basi. "Ukangofika pa depoti wina adzakalandira." Pa rodibuloko akatsegula n'kupeza chamba, woweruza sadzafunsa kuti munadziwana liti. Mnzako weniweni amatsegula chikwamacho pamaso pako usanapemphe. Akati "sukundikhulupirira?", yankha kuti ndikukukhulupirira, tsegula.

Paja akulu anati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Mwambiwu ndimaukumbuka ndikaona za maulendo a kunja. Amalawi sitinayambe lero kupita ku Joni. Agogo anu anapita pa Wenela, ena wapansi kudzera ku Harare, ndipo ena sanabwerenso, n'kutchedwa matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo Kamuzu anaimitsa kalembera wa anthu opita kumeneko. M'masiku amenewo "mnzanga wa ku Joni" linali liwu lolemera. Anali munthu amene munatsikira naye pansi pa nthaka, amene ukavulala ankakulembera kalata ya kumudzi, ndipo ukafa ankanyamula bulangeti lako ndi sutukesi yako kukatula kwa mkazi wako, n'kukhala pansi kufotokoza m'mene zinachitikira. Lero mnyamata amalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa wina amene anaphunzira naye Sitandade 6: "Bwera, ntchito ndi mbwee, udzafikira kwa ine." Amagulitsa njinga ndi mbuzi za amake, n'kukwera basi. Akafika ku Johannesburg, foni ya mnzake ija siikupezeka. Sikuti onse ndi oipa, ena amakhala kuti nawonso akugona asanu m'kachipinda kamodzi ndipo anangochita manyazi kunena zoona. Koma zotsatira zake n'zimodzi. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa ndi kuphedwa ku South Africa, boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo ambiri anabwera chimanjamanja. Atsikana amene anakazunzika pa ntchito za m'nyumba ku Oman, ambiri sanakopedwe ndi mlendo. Anakopedwa ndi munthu wolankhula Chichewa chokoma, wowaitana kuti asisi. Usanakwere basi kapena ndege pa mawu a munthu, funsa kuti kwawo n'kuti, amake ndani, ndipo akulu a kwanu akalankhule ndi akulu a kwawo. Wokana zimenezi wakuuza kale zonse.

Malo amene liwuli limayezedwa popanda chinyengo ndi pa maliro. Mwambo wathu unakonza dala kuti ofedwa asagwire ntchito. Manda amakumba ndi adzukulu, anthu a mbali ina, ndipo ndi iwo amene amanyamula ndi kuika thupi. Amayi a m'mudzi amabwera ndi nkhuni pamutu, ndowa za madzi ndi timbale ta ufa. Amuna amagona panja pa moto, amayi m'nyumba ya siwa, usiku wonse nyimbo. Palibe amene amalipidwa. Aliyense akudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mudzi uli ndi maso. Munthu amene safika pa zovuta za anzake, kapena amangotumiza ndalama iye n'kumadutsa pa galimoto, tsiku lake likafika anyamata amakhala pansi ndi makasu awo mpaka nyakwawa iweruze mlandu, mwina mpaka mbuzi kapena nkhuku ituluke. Ena amati ndi nkhanza kuchitira zimenezi munthu wolira. Ine ndimati ndi chilungamo chochedwa, ndipo n'chimene chasunga midzi yathu.

Abale athu a ku Chipata ali ndi zina zodabwitsa. Angoni a Mpezeni ndi Abemba kale ankamenyana nkhondo, koma lero ali pa chimbuya, chisuweni cha mitundu. Pa maliro a Mngoni, Abemba amabwera kudzagwira ntchito uku akunyoza, akuwaza anthu ufa, akuseketsa ofedwa misozi ili m'masaya, ndipo Angoni amachita chimodzimodzi pa maliro a Mbemba. Mlendo angaone ngati chipongwe. Koma amene akukunyoza uku akusenza bokosi la mayi ako ali pafupi nawe kuposa amene analemba mawu okoma a chipepeso pa Facebook n'kupitiriza kuonera mpira.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, amene anayamba kufukula matope anali anthu oyandikana nawo nyumba, ndi makasu, mafosholo ndi manja, mvula ikugwabe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu zinali chimodzimodzi. Thandizo la boma ndi la mabungwe linabwera pambuyo, poti misewu ndi milatho inali itaduka. Ambiri mwa ofukulawo sanali a ponda apa m'pondepo a okwiririkawo. Ena mwina anali atakanganapo za malire a puloti kapena za madzi a pabafa olowera kwa mnzake. Anali anansi chabe, anthu anzawo. Ndiye pamene ndikukuchenjezani kuti musapereke chinsinsi kwa aliyense, musamve ngati ndikuti muzinyoza anthu wamba okuzungulirani. Inu a m'tauni amene mumalowa pageti n'kutseka, chaka n'kutha osadziwa dzina la wa nyumba yachiwiri, mukusewera ndi moyo. Moni wa m'mawa sagula, ndipo moto ukabuka usiku, wa pamtima wanu wa ku Mzuzu sadzafika ndi ndowa.

Za mafoni sindinena zambiri, poti akulu anzanga anazinena mpaka kutopetsa. Facebook imalola munthu kukhala ndi anzake 5,000, ndipo ena a inu munadzaza. Foniyo ilibe mlandu. Taonani amayi a pulogalamu ya Zokonda Amayi pa wailesi ya MBC. Anayamba ndi kupatsana moni pa mphepo, anthu osaonanapo, koma kenaka anapanga magulu m'maboma, n'kumakumana, kumayenderana pa matenda ndi pa maliro, kumakaona odwala m'zipatala. Anachotsa liwu pa wailesi n'kuliika pa miyendo. Nanunso amene mwadziwana naye pa foni akhoza kukhala mnzanu weniweni, koma adzakhala tsiku limene mmodzi wa inu adzalipire thiransipoti.

Ndabwera nazo kutali ndikunena za anthu ena, ngati kuti oipa onse ali kunja. Tsopano tembenukani. Pali munthu kwinakwake amene akamakutchula amati "mnzanga," ndipo akulu a kwawo akumufunsa funso lomweli, kuti mnzako wa chiyani ameneyu. Kodi akuyankha kuti chiyani za iwe? Iye atagonekedwa ku Queens kapena ku Kamuzu Central, unapita ndi phala m'mawa, kapena unatumiza kachithunzi ka manja opemphera? Atakuuza za vuto la m'nyumba mwake, nkhaniyo inathera mwa iwe, kapena inafika ku saluni ndi ku bawo dzuwa lisanalowe? Atakhoza mayeso iwe utalephera, atapeza ntchito iwe ukadali pa ganyu, unakondwera kuchokera pansi pa mtima? Funso lomalizali ndi lovuta kuposa onse. Kulira ndi mnzako n'kosavuta, aliyense amatha. Kuvina pa chisangalalo chake iwe zako zisakuyenda, pamenepo m'pamene ambiri timagwa, n'kuyamba kunong'ona kuti anakhwimira kapena anachita kugona ndi bwana.

Ndipo zikakuyendera iweyo, usasinthe njira poona amene munkadya naye zigege pa geti ya sukulu. Sindikuti umugawire malipiro ako. Akulu ena amalakwitsa pamenepa, n'kumasenzetsa mwana wolemera mudzi wonse. Ndikuti umuyankhe foni, umutchule dzina, ukadutsa kwawo utsike galimoto ukapereke moni kwa amake. Ngati sungathe kumuthandiza chimene wapempha, nena kuti sindingathe, m'malo momuuza kuti "ndikuimbira" kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Mnzako weniweni umamuuzanso zowawa. Ukamuona akumira mu kachasu, akutaya malipiro onse pa kubetcha mpira, akumenya mkazi, kapena wasiya kumwa mankhwala a ma ARV chifukwa wina wamuuza kuti wachira, usaseke naye. Muitanire pambali, pa awiri, osati pagulu la WhatsApp. Akhoza kukwiya, akhoza kukusala mwezi wathunthu. Mwambi uja woti mnzako akapsa ndevu m'zimire sunanene kuti uyambe wamufunsa ngati akufuna kuzimiridwa.

Nthawi zina ubwenzi umatha, ndipo si tchimo. Munagawana sukulu, sukulu inatha. Munagawana ntchito, wina anasamuka. Wa kumowa ukasiya mowa amasowa yekha, usamusake. Koma pothetsa pali mwambo wake. Zimene anakuuza muli pamodzi zimakhalabe zake, sumazitulutsa poti mwayambana. Zithunzi zake sumazimwaza. Mukakumana pa maliro mumapatsana moni, mumakumba dzenje limodzi. Watsika kuchoka pa wa pamtima, koma pa munthu mnzako sangatsikepo, ndipo iwe ulibe mphamvu yomuchotsapo.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu owerenga muli ndi kangongole ka mnzanu kamene mwakhala chete nako, mwina K5,000, mwina K50,000, ndipo mukamuona pamsika mumakhotera ku mabenchi a nsomba. Iye sanaiwale, akungokusungirani ulemu. Musadikire kuti achite kukutumizirani mwana. Pitani kwawo sabata ino, ndi miyendo osati pa foni, mukhale pansi, mupereke zimene muli nazo, ndipo zotsalazo mutchule tsiku lake.